Mmene Mungalondere Kuyaka kwa Nyenyezi za Dwarf Nova Muli ku Mangochi

Pali nyenyezi zina zimene zimakhala zozilala kwa masabata ambiri, moti ngakhale munthu amene ali ndi telesikopu amavutika kuziona, kenaka usiku umodzi zimayaka n'kuyamba kuwala kuwirikiza ka 40 kapena ka 100, ndipo pakapita masiku angapo zimabwerera mwakale. Akatswiri amazitcha dwarf nova. Palibe amene anganeneretu tsiku limene nyenyezi yotere iyake, ndipo matelesikopu akuluakulu a dziko lapansi alibe nthawi yodikirira nyenyezi imodzi usiku uliwonse. N'chifukwa chake ntchito yozilondera yakhala m'manja mwa anthu wamba kwa zaka zoposa 100. Mangochi ili pa madigiri pafupifupi 14.5 kumwera kwa equator, ndipo malo amenewa amalola munthu kuona dwarf nova yotchuka ya kumpoto komanso yotchuka ya kumwera ali pabwalo limodzi, zimene munthu wa ku Ulaya sangathe.

Musanatuluke panja ndi bwino kudziwa chimene mukukayang'ana. Dwarf nova imaoneka ngati kadontho kamodzi, koma kwenikweni ndi nyenyezi ziwiri zoyandikana kwambiri zimene zimazungulirana m'maola ochepa chabe. Imodzi ndi white dwarf, nyenyezi yokalamba imene kukula kwake ndi kofanana ndi dziko lapansi koma kulemera kwake kumayandikira kwa dzuwa. Inayo ndi nyenyezi yofiirira, yozizirirapo, imene mpweya wake umakokedwa ndi inzakeyo. Mpweyawo sugwera molunjika pa white dwarf, koma umazungulira n'kupanga chimbale. Chimbalecho chimadzaza pang'onopang'ono monga mmene ndowa imadzazira pampopi wodontha, ndipo chikafika poti mpweya wachuluka, chimatentha mwadzidzidzi, mpweya wa hydrogen umasintha mkhalidwe, ndipo zonse zimayamba kutsetsereka mofulumira kupita pakati. Kuwala kumene timaonako ndi kwa chimbale chotenthacho. Nyenyeziyo siphulika ndipo siwonongeka, ndiye chifukwa chake kuyakako kumabwerezabwereza. Katswiri wa ku Japan, Yoji Osaki, ndiye anafotokoza ganizo limeneli mu 1974.

Muyeneranso kuzolowera muyeso wa kuwala wotchedwa magnitude, chifukwa zonse zimene mudzalemba zidzakhala manambala amenewa. Muyesowu umayenda chobwerera m'mbuyo: nambala ikakula ndiye kuti nyenyezi ndi yozilala. Maso paokha, usiku wamdima bwino, amafika pa 6. Kusiyana kwa magnitude imodzi kumatanthauza kuwala kowirikiza pafupifupi kawiri ndi theka, ndipo kusiyana kwa 5 ndi kuwirikiza ka 100. Choncho nyenyezi ikachoka pa 12 n'kufika pa 8, yawala kuwirikiza pafupifupi ka 40.

Kusankha nyenyezi

Musayambe ndi nyenyezi zambiri. Zitatu ndi zokwanira chaka choyamba, ndipo mwa zitatuzo imodzi ndiyo yoyenera kuphunzirirapo.

Imeneyo ndi SS Cygni, imene Louisa Wells anaitulukira ku Harvard College Observatory mu 1896. Ikakhala phee imakhala pa magnitude pafupifupi 12, ikayaka imafika pafupifupi pa 8.3, ndipo imachita zimenezi pakatha masabata asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, ngakhale kuti nthawi zina imafulumira kapena kuchedwa. Kukwera kwake kumatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kuyakako kumakhala kwakufupi, kwa sabata imodzi, kapena kwakutali, kwa pafupifupi masabata awiri. Nyenyezi zake ziwiri zimazungulirana m'maola 6.6. Kwa ife a ku Mangochi imakwera mpaka madigiri pafupifupi 32 kumpoto, ndipo ubwino wake ndi wakuti nyengo yake imagwirizana ndi chilimwe chathu. Pakati pa Juni imafika pamwamba cha m'ma 4 koloko m'mbandakucha, pakati pa Ogasiti imafika pakati pa usiku, pakati pa Seputembala cha m'ma 10 koloko, ndipo pakati pa Okutobala cha m'ma 8 koloko madzulo.

Yachiwiri ndi VW Hydri, imene ili kumwera kwenikweni, pakati pa mitambo iwiri ya Magellan, ija imaoneka ngati zidutswa zothothoka ku Mlalang'amba. Imeneyi ndi yozilala kwambiri ikakhala phee, pafupifupi 14, koma imayaka pafupifupi mwezi uliwonse kwa masiku ochepa, ndipo pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse imachita kuyaka kwakukulu kumene kumafika pa 8.5 n'kukhala pafupifupi masabata awiri. Nyenyezi zake zimazungulirana m'mphindi 107 zokha. Kuno imakwera mpaka madigiri 33, ndipo imafika pamenepo cha m'ma 4 koloko m'mawa pakati pa Seputembala, pakati pa usiku mu Novembala, ndi cha m'ma 8 koloko madzulo mu Januwale. Ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo yoyenera khama lathu kwambiri, popeza anthu ambiri olondera nyenyezi amakhala kumpoto kwa dziko kumene siioneka n'komwe.

Yachitatu ndi U Geminorum, dwarf nova yoyamba kudziwika, imene John Russell Hind anaiona ku London mu Disembala 1855. Imachoka pa 14 n'kufika pa 9, ndipo imayaka pafupifupi masiku 100 aliwonse. Imakwera bwino, kupitirira madigiri 50, koma nyengo yake ya madzulo ndi Januwale mpaka Malichi, nthawi imene mitambo ya dzinja imatseka thambo, choncho muziiona pamene mpata wapezeka. Z Camelopardalis, imene mudzaipeza m'mabuku ambiri, ingoiiwalani, chifukwa kuno sikwera kupitirira madigiri awiri kapena atatu.

Zipangizo ndi malo

Ma binoculars a 10x50 amafika pa magnitude pafupifupi 9 kapena 9.5 usiku wamdima, kutanthauza kuti angakuonetseni nyenyezi zitatuzi zikayaka mokwanira koma sangakuonetseni zili phee. Zimenezo sizochepa, monga tionere kutsogoloku. Telesikopu ya galasi la masentimita 15 imaonetsa SS Cygni nthawi zonse, yoyaka kapena yozilala, pomwe kuti muone VW Hydri kapena U Geminorum zili phee mufunika ya masentimita 20 kapena kuposerapo ndi thambo loyera kwambiri. Ma binoculars muziwatsamiritsa pachinthu cholimba, kaya pakhoma kapena pamsana wa mpando, chifukwa manja akamanjenjemera nyenyezi zozilala zimasowa. Mufunikanso kope, pensulo, wotchi yolondola ndi tochi yofiira. Ngati mulibe tochi yotero, kutani tochi wamba ndi pulasitiki yofiira kawiri kapena katatu.

Malo abwino ndi amene kulibe babu pafupi ndipo kumpoto ndi kumwera n'kotseguka, kopanda mitengo ya mango kapena milambe yotchinga. Pakati pa boma pali magetsi ambiri, koma mukangotuluka makilomita ochepa mdima umakhala wokwanira. M'mphepete mwa nyanja muli zovuta zake. Mwezi ukakhala mumdima, imene ndiyo nthawi yathu yabwino, ndi nthawi yomweyo imene asodzi a usipa amayatsa nyali zawo panyanja, ndipo ngati nyalizo zili kutsogolo kwanu maso sangazolowere mdima. Imani poti khoma kapena mpanda ukutchingireni nyalizo koma thambo la pamwamba pake likuoneka. Chinyezi cha kunyanja chimachititsa nthunzi pamagalasi usiku ukapita, choncho kulungani katoni yakuda kutsogolo kwa telesikopu kuti italikitse chubu. Mu Juni ndi Julayi mwera umagwedeza telesikopu yopepuka, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimadetsa thambo la m'munsi, kumene SS Cygni ndi VW Hydri zili. Amene ali kumtunda ngati ku Namwera amapeza mpweya wowuma kuposa a kugombe. Musakhale pafupi ndi madzi a nyanja kapena a Shire usiku chifukwa cha mvuu ndi ng'ona, ndipo valani zovala zofika m'manja ndi m'miyendo podziteteza ku udzudzu. Ndi nzerunso kuwadziwitsa anansi, kapena a mfumu ngati muli kumudzi, za chimene mukuchita, chifukwa munthu woima panja pakati pa usiku ndi chipangizo chachilendo amadzutsa mafunso.

Tchati

Popanda tchati simungachite kanthu. Bungwe la AAVSO, limene linakhazikitsidwa mu 1911 ku America ndipo limasunga zoona za anthu wamba a m'mayiko ambiri, lili ndi chida pa intaneti chotchedwa Variable Star Plotter. Lembani dzina la nyenyezi, mwachitsanzo SS Cyg, sankhani kukula kwa dera limene mukufuna, ndipo chidacho chikupatsani tchati. Tengani matchati awiri pa nyenyezi iliyonse, lalikulu la madigiri angapo lopezera dera, ndi laling'ono la digiri imodzi kapena kucheperapo loyezera kuwala. Asindikizeni papepala, chifukwa kuwala kwa foni kumawononga maso amene mwawazoloweza mdima. Pakona ya tchati pali nambala yake, ndipo imeneyo mudzaifuna popereka lipoti.

Patchatipo dwarf nova ili pakati, ndipo nyenyezi zina zozungulira zili ndi manambala pambali. Zimenezo ndi nyenyezi zoyerekezera, zosasintha kuwala. Manambalawo amalembedwa opanda kadontho kuti kadonthoko kasasokonezeke ndi nyenyezi, choncho 95 ndi 9.5, ndipo 123 ndi 12.3.

Pali chinthu chimene chimasokoneza oyamba kumene ambiri a kumwera kuno. Matchati ambiri amaika kumpoto pamwamba, koma inu mukayang'ana kumpoto muli ku Mangochi, kumpoto kwa thambo kumakhala pansi, kufupi ndi nthaka, ndipo kum'mawa kumakhala kudzanja lamanja. Muyenera kutembenuza pepala mpaka lifanane ndi zimene mukuona. Telesikopu imaonjezera kusokonezako, popeza ya mtundu wa Newtonian, yokhala ndi kalilole mkati, imazondotsa chithunzi, pomwe ya magalasi imene ili ndi kagalasi kokhotetsera kumapeto imasinthanitsa kumanja ndi kumanzere. Chida cha AAVSO chimalola kusankha mbali zimenezi musanasindikize, ndipo ndi bwino kuyesa telesikopu yanu masana pachikwangwani chakutali kuti mudziwe mmene imatembenuzira zinthu.

Kupeza nyenyezi

Tulukani panja mphindi 20 kapena 30 musanayambe, osayang'ana nyali iliyonse. Pofuna SS Cygni, yang'anani kumpoto ndipo mupeze nyenyezi ziwiri zowala: Vega, yoyera kwambiri, ndi Deneb, imene ili kumanja kwake. Pulogalamu yaulere ya Stellarium ingakuthandizeni kuzizindikira madzulo musanatuluke. Kuchokera pa Deneb pitani kum'mawa madigiri pafupifupi 11, amene ndi mtunda wa chibakera chimodzi mutatambasula mkono. Pamenepo pali nyenyezi ya magnitude 5 yotchedwa 75 Cygni, ndipo SS Cygni ili pafupifupi theka la digiri kuchokera pa iyo. Yendani pang'onopang'ono kuchokera pa nyenyezi yowala kupita pa yozilala, mukufananiza timagulu ta nyenyezi zitatu kapena zinayi ndi tchati. Usiku woyamba zimenezi zingakutengereni ola lathunthu, koma pakatha masabata awiri diso limaloweza njira ndipo mumafika m'mphindi imodzi.

Pofuna VW Hydri, pezani mtambo waukulu wa Magellan ndi waung'ono, kenaka nyenyezi yofiirira ya magnitude 3 yotchedwa Gamma Hydri imene ili pakati pawo. VW Hydri ili madigiri pafupifupi atatu kuchokera pamenepo. U Geminorum ili madigiri pafupifupi asanu ndi limodzi kumwera kwa nyenyezi yowala yotchedwa Pollux, zimene kwa ife zikutanthauza pamwamba pake. Pa imeneyi samalani, chifukwa ili pafupi ndi njira imene mapulaneti ndi miyala ya m'mlengalenga imadutsa, ndipo mwala wotere ungaoneke ngati nyenyezi yatsopano m'deralo. Hind mwiniwakeyo anaipeza akufunafuna miyala imeneyi.

Kuyeza kuwala

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo m'pofunika kudekha. Mukatsimikiza kuti kadontho kamene mukuona kali pamalo enieni a tchati, sankhani nyenyezi ziwiri zoyerekezera, imodzi yowala kuposa dwarf nova ndi ina yozilala kuposa iyo, ndipo kusiyana kwa ziwirizo kusapitirire magnitude imodzi ngati n'kotheka. Ikani nyenyezi iliyonse pakati pa galasi motsatizana, chifukwa m'mbali mwa galasi kuwala kumachepa. Yang'anani mwachidule, kubwerera uku ndi uku kangapo, osati kudodoma pa imodzi kwa nthawi yaitali, popeza nyenyezi yofiira imaoneka ngati ikuwala moonjezereka mukaipenyetsetsa.

Tiyerekeze kuti zoyerekezera zanu ndi 90 ndi 100. Gawani mpata wa pakati pawo m'magawo khumi m'maganizo mwanu. Ngati nyenyezi yanu ili pakatikati, lembani 9.5. Ngati ikuyandikira yowalayo koma siikufika, mwina magawo atatu kuchokera pa iyo, lembani 9.3. Kenaka bwerezani ndi nyenyezi zina ziwiri ngati zilipo, muone ngati mayankho akugwirizana. Nyenyezi zikakhala zowala kwambiri, sokonezani pang'ono kulunjika kwa galasi kuti zikhale timabwalo tofuwa, chifukwa diso limasiyanitsa bwino timabwalo kuposa timadontho. Zikakhala zozilala, yang'anani pambali pang'ono, pakuti mbali ya diso imamva kuwala kochepa kuposa pakati pake.

Chiyeso chachikulu ndi kulemba zimene mukuyembekezera m'malo mwa zimene mukuona. Ngati dzulo munalemba 8.5, mtima umafuna kuti lero mulembe 8.6 kapena 8.7. Pa chifukwa chimenechi musatsegule tsamba la dzulo ndiponso musaone zimene ena alemba pa intaneti mpaka mutamaliza kuyeza kwanu. Olondera odziwa bwino amasiyana ndi magnitude 0.1 kapena 0.2, ndipo zimenezo sizidetsa nkhawa aliyense, chifukwa zoona za anthu ambiri zikaphatikizidwa kusiyanako kumafafanizika.

Usiku wambiri, makamaka ngati muli ndi ma binoculars okha, simudzaona kanthu pamalo a nyenyeziyo. Musatseke kope. Pezani nyenyezi yoyerekezera yozilala kwambiri imene mukuiona motsimikiza, ndipo lembani kuti dwarf nova ndi yozilala kuposa imeneyo, mwachitsanzo <9.5 kapena <13.0. Lipoti lotere ndi lamtengo, chifukwa ndi limene limasonyeza kuti kuyaka kunali kusanayambe pa ola limenelo. Munthu wa ku Australia akaona VW Hydri itayaka, ndipo inu maola angapo m'mbuyomo munalemba kuti sinali kuoneka, awirinu mwatsekera nthawi imene kuyakako kunayambira. Mwezi ukakhala wowala kapena utsi ukachuluka, yezanibe, koma mulembe vutolo pambali.

Kulemba ndi kupereka lipoti

Pa kuona kulikonse lembani dzina la nyenyezi, tsiku, nthawi mpaka pa mphindi, magnitude, nyenyezi zoyerekezera zimene mwagwiritsa ntchito, nambala ya tchati, chipangizo, ndi mkhalidwe wa thambo. Nthawi imalembedwa mu UT (Universal Time), nthawi yofanana pa dziko lonse, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi. Mukaona nyenyezi 21:30 ku Mangochi, lembani 19:30 UT. Samalani pakati pa usiku pakadutsa: 01:15 m'mawa wa pa 16 ndi 23:15 UT ya pa 15, ndipo kuphonya pamenepa kumasuntha lipoti lanu ndi tsiku lathunthu. Akatswiri amagwiritsanso ntchito Julian Date, chiwerengero cha masiku chosadukiza chimene chimasintha 12 koloko masana a UT, koma fomu ya AAVSO imatha kukusinthirani yokha.

Lembetsani ku AAVSO kuti mulandire zilembo zanu zokuzindikiritsani, kenaka muzitumiza zoona zanu kudzera pa fomu yawo ya pa intaneti. Mukatumiza mungathe kuona kadontho kanu pa mzere wosonyeza kukwera ndi kutsika kwa kuwala kwa nyenyeziyo pamodzi ndi a anthu ena, ndipo pamenepo ndi pamene mumadziwa ngati mumakonda kuyeza mowalitsa kapena mozilalitsa. Bungwe la Astronomical Society of Southern Africa nalonso lili ndi anthu ochita ntchito yomweyi, ndipo mmodzi wa iwo, malemu Danie Overbeek wa ku South Africa, anapereka zoona zoposa 250,000 pa moyo wake, zambiri mwa izo za nyenyezi za mtundu umenewu.

Tsiku limene mudzapeze nyenyezi itayaka, musathamangire foni. Onaninso tchati, tsimikizani malo pogwiritsa ntchito nyenyezi zitatu zozungulira, yezani, lembani nthawi, ndipo dikirani mphindi 15 kapena 30 muyezenso. Ngati ikukwerabe, pitirizani kuyeza theka la ola lililonse, chifukwa kukwera ndi gawo lalifupi limene anthu ambiri amaliphonya. Mukatsimikiza, tumizani lipoti usiku womwewo osadikira m'mawa. Kufulumira kotere kwathandizapo akatswiri: malipoti a anthu wamba ndiwo anachititsa kuti matelesikopu a wailesi alunjikitsidwe pa SS Cygni itangoyaka, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2013 zinasonyeza kuti ili pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 370, pafupi kuposa mmene ena ankaganizira, zimene zinachotsa chikaiko chimene chinalipo pa ganizo la chimbale lija.

Pa VW Hydri, kuyaka kukapitirira masiku asanu nyenyezi ili yowalabe pafupi ndi 9, ndiye kuti mwina mukuona kuyaka kwakukulu. Pa nthawi imeneyi kuwala kumakwera ndi kutsika pang'ono mphindi pafupifupi 110 zilizonse, kusintha kumene akatswiri amakutcha superhump. Kunadziwika koyamba pa nyenyezi yomweyi mu Disembala 1972, pamene Brian Warner wa ku University of Cape Town ndi Nikolaus Vogt ku Chile anaiona aliyense payekha. Kusinthaku n'kochepa, magnitude 0.2 kapena 0.3, ndipo maso savuta kunyengedwa nako, choncho amene akufuna kukutsata afunika kamera yolumikizidwa ku telesikopu yojambula zithunzi motsatizana kwa maola atatu kapena anayi. Amene alibe kamera apitirize kuyeza ndi maso kamodzi kapena kawiri usiku uliwonse mpaka nyenyeziyo itasowa, ndipo alembe usiku woyamba umene yalephera kuoneka pamodzi ndi nyenyezi yozilala kwambiri imene anatha kuiona.